Msyamboza wa ku Chibanzi: mfumu imene inalima tirigu m'mapiri a Dowa

Ambiri mwa ife tikamva dzina la Dowa timaganiza za fodya, ndipo tikamva la Ntchisi timakumbukira mbatata ya kachewere, nyemba ndi anyezi zimene zimatsitsidwa m'malole m'mamawa pa misika ya mumzinda muno. Ndi ochepa amene amadziwa kuti m'mapiri omwewo munali mfumu ya mudzi imene inkakolola tirigu m'chilimwe zaka zoposa 100 zapitazo, kulibe alangizi a zaulimi, kulibe makuponi, ndalama yeniyeniyo isanazolowereke m'manja mwa anthu. Dzina lake linali Msyamboza, mwini mudzi wa Chibanzi, kufupi ndi Kongwe. Anabadwa cha m'ma 1830 ndipo anamwalira mu 1926. Sanali wa mpingo wathu, komanso ndineneretu kuti si zonse za moyo wake zimene tingaziyamikire. Koma abale ndi alongo, munthu uyu anaona njira yake yopezera chuma ikutsekeka ali kale wachikulire, ndipo m'malo mokhala pansi kudandaula za masiku akale, anatsegula ina. Ambiri a ife amene tikulimbana ndi malipiro osafika pa 15 tingamumvetse.

Mbiri yake inatifika chifukwa cha malemu a Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Dutch Reformed, omwe aja analemba Nthondo ndi Mbiri ya Achewa. Ndidzabwereranso kwa iwo kumapeto.

Dziko limene Msyamboza anabadwiramo linalibe ndalama, koma chuma chinalipo. Wolemera ankadziwika ndi nkhokwe, mbuzi, makasu osula, mchere ndi nsalu, koma koposa zonse ankadziwika ndi kuchuluka kwa anthu amene anali pambuyo pake. Malo olima anali mbwee. Chosowa chinali manja. Mfumu yokhala ndi mbumba yaikulu, akamwini ambiri ndi alendo odzapempha malo ndiyo inkakhala ndi minda ikuluikulu, alonda a usiku ndi onyamula katundu pa ulendo. Mfumu youma manja kapena yolephera kuteteza anthu ake inkangodzuka tsiku lina n'kupeza theka la mudzi lasamuka. Choncho ufumu wa pamudzi unali ngati geni yofuna kuiyang'anira tsiku ndi tsiku: ukapanda kudyetsa anthu, anthuwo amakutha.

Msyamboza anayamba kutchuka ngati mlenje wa njovu. Masiku amenewo njovu zinali zambiri m'madambo ndi m'nkhalango zotsikira kunyanja, ndipo minyanga inali ndi msika umene sunkakhuta. Ku Ulaya ndi ku America ankapangira mabatani a piyano, zipeso, zigwiriro za mipeni ndi mipira ya masewera a pathebulo; ku India ankapangira zibangili za akwati. Mlenje wa ku Dowa sankadziwa piyano, koma mtengo wa mnyanga wake unkakwera chifukwa cha piyanoyo. Khomo la malondawa linali Nkhotakota, kumene Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika m'zaka za m'ma 1840 n'kutenga dzina la udindo la Jumbe. Kuchokera kumeneko zombo zinkawolotsa katundu kupita kutsidya la kum'mawa kwa nyanja, kenako ulendo wapansi wa miyezi mpaka ku Kilwa, ndi ku Zanzibar. David Livingstone anafika pa Nkhotakota mu 1861 ndi mu 1863, ndipo anaona ndi maso ake zimene zinkachitika padokopo. Pobwerera, amalonda ankabweretsa nsalu, mikanda, waya wamkuwa, wonga ndi mfuti zagogodela. Msyamboza ankachita malonda ndi a Jumbe, ndipo mfuti anazipeza m'njira imeneyi.

Apa ndi pamene pali chilonda cha nkhani yathu, ndipo sindikufuna kuchiphimba ndi nsalu. Zombo za ku Nkhotakota sizinkanyamula minyanga yokha. Zinkanyamulanso anthu. Mnyanga sumayenda wokha kuchoka kuphiri kukafika kunyanja, ndipo amene wausenza nayenso ankatha kugulitsidwa akafika. Msyamboza anali nawo m'malonda amenewa, ndipo pamudzi pake panali akapolo. Ukapolo wa pamudzi unali ndi makomo ambiri: wogwidwa pankhondo, woperekedwa ngati chikole pa mlandu umene malume ake alephera kulipira, kapena wodzipereka yekha nthawi ya njala kuti angopeza chakudya. Ena ankakwatiwa pamudzipo n'kukhala ngati achibale, koma aliyense ankadziwa amene angayambe kugulitsidwa zinthu zikavuta. Olemba mbiri ena amakonda kudumpha pamenepa mwachangu kuti akafike pa tirigu. Ine ndikuti tiimepo pang'ono, chifukwa mpamba umene munthu wayambira nawo umakhala ndi eni ake ngakhale maina awo sanalembedwe. Ndipo tisafulumire kuloza chala anthu akale. M'nyumba zambiri za mumzinda muno muli mtsikana kapena mnyamata amene anatengedwa kumudzi, nthawi zina kumapiri omwewa a Dowa ndi Ntchisi, pomulonjeza sukulu. Amadzuka woyamba, amagona womaliza, malipiro ake akuti akusungidwa ndi amayi a pakhomopo, ndipo Lamulungu ndiye amatsala kulondera nyumba ife tikabwera ku Misa. Boma linaika malipiro ochepetsetsa a antchito apakhomo, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo inathetsa mchitidwe wa utenanti m'minda ya fodya, koma lamulo silimalowa lokha m'khitchini ya munthu.

Tibwerere ku Chibanzi. Mfuti zija sizinali za njovu zokha. Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anagawikana pambuyo pake, ndipo gulu la Chiwere Ndhlovu linadzakhazikika m'mapiri a Dowa. Kwa zaka zambiri Achewa a m'derali ankakhala mwamantha. Ena anagonja n'kumapereka mtulo, ena anamanga malinga, ena anathawira pamwamba pa mapiri. Nkhalango ya m'phiri la Ntchisi inabisa anthu ambiri masiku amenewo. Ulimi unkavuta chifukwa munda wakutali ndi linga unali msampha, ndipo nkhokwe yodzaza inkaitana nkhondo. Mudzi wa Msyamboza unatha kudziteteza, ndipo mudzi wotetezeka umakoka anthu monga momwe chitsime chimakokera mitsuko. Othawa kwina ankabwera, manja ankachuluka, chakudya chinkafunika chochuluka. Midzi ya nthawi imeneyo inali ndi mwambo wa chidyerano: nsima zochokera m'nyumba zosiyanasiyana zinkasonkhanitsidwa, abambo n'kudyera pamodzi, amayi pamodzi, ana pamodzi, kotero kuti wamasiye kapena mwana wa nyumba imene ufa watha sankagona ndi njala anthu ena atadya. Mtsogoleri wa mudzi wokula chotero sakanatha kudalira mvula ya miyezi isanu yokha.

Kenako, m'zaka zosakwana khumi, zonse zimene zinamukweza zinagwa. Mu 1889 Harry Johnston anapangana pangano ndi Jumbe wa nthawiyo, Tawakali Sudi. Mu 1891 dziko lino linalowa m'manja mwa Britain. Tawakali Sudi anamwalira mu 1894, ndipo amene analowa m'malo mwake anachotsedwa ndi boma latsopanolo n'kutumizidwa ku Zanzibar. Malonda a akapolo anatsekedwa, mfuti inayamba kufuna chiphaso, kupha njovu kunayamba kufuna chiphaso china, ndipo njovuzo zinali zitachepa kale. Nkhondo za Angoni nazonso zinatha, zimene zinali zabwino kwa aliyense, koma zinatanthauzanso kuti anthu analibenso chifukwa chodziphatikira kwa mfumu ya mfuti. Msyamboza anali ndi zaka zopitirira 60. Mafumu ambiri a msinkhu wake anathera pamenepo: anatsala ndi dzina, mpando ndi nkhani za kale zokamba pa mowa.

Iye anatembenukira ku nthaka ndi ku madzi. Ulimi wa m'dimba sunali wachilendo kwa Achewa. Amayi ankadzala maungu, chimanga chachiwisi ndi ndiwo zamasamba m'mbali mwa mitsinje kuyambira kalekale. Chachilendo pa Chibanzi chinali kutenga madzi kuwapititsa kumene munthu akufuna, m'malo moti munthu atsatire kumene madzi ali. Mapiri a Dowa ndi Ntchisi ali ndi timitsinje tosaphwa msanga, ndipo malo ake ndi otsetsereka. Ukatseka madzi kumtunda n'kukumba ngalande yoyenda m'mbali mwa phiri, yotsika pang'onopang'ono, madzi amayenda okha kukafika pamunda umene uli pamwamba pa mtsinje womwewo. Palibe injini, palibe mafuta, palibe ndowa. Koma luso lake ndi lalikulu kuposa momwe likumvekera. Ngalande ikatsetsereka kwambiri madzi amathamanga n'kukokolola nthaka. Ikagona kwambiri amaima n'kulowa pansi asanafike. Imafuna kuikonza chaka ndi chaka, kutseka mauna a nkhanu ndi mbewa, ndiponso kugwirizana kuti lero athirira ndani, mawa ndani. Amene munakhalapo m'komiti ya mjigo kapena ya kiyosiki ya madzi mukudziwa kuti kukumba n'kosavuta poyerekeza ndi kugawana.

Mbewu imene inamutchukitsa inali tirigu. Tirigu sakonda kutentha ndi chinyezi cha dzinja. Amagwidwa ndi matenda a masamba n'kufa. Amafuna kuzizira kwa June ndi July, kumene mapiri amenewa ali nako kokwanira, koma miyezi imeneyo mvula kulibe. Ndiye kuti popanda ngalande palibe tirigu. Amafesedwa chimanga chitangokololedwa, amathiriridwa m'nyengo yonse yozizira, ana amaingitsa mbalame akayamba kucha, kenako kumweta, kupuntha ndi kupeta mvula yoyamba isanagwe. Munda womwewo, kapena woyandikana nawo, umapereka zokolola kawiri pa chaka. Msyamboza analimbikitsanso mbewu zina zosiyanasiyana pambali pa chimanga, kuti mudzi usaimire mwendo umodzi.

N'chifukwa chiyani tirigu, pamene anthu ake ankadya nsima? Yankho lake ndi msika. Azungu amene ankabwera, amishoni ndi a boma omwe, ankafuna buledi, ndipo ufa wochokera kunja unkayenda ulendo wautali: pa sitima yapamadzi mpaka ku Chinde, kukwera Zambezi ndi Shire, kenako pamitu ya amtengatenga. Pofika kumapiri a m'chigawo chapakati unali wodula zedi. Tirigu wolimidwa pafupi anali ndi ogula okonzeka. Mlenje wakale uja anali atazolowera kale kufunsa funso limene alimi ambiri mpaka lero safunsa asanadzale: kodi amene ali ndi nsalu, kapena ndalama, akufuna chiyani chimene ine ndingathe kumupatsa? Kale yankho linali mnyanga. Tsopano linali ufa.

Apa ndipatuke pang'ono. Mu November 2023 ndalama ya kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, chaka chimodzi ndi theka chitangodutsa kuchokera pamene inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022. Amene tinkadalira malipiro okha tinadzuka tili osauka kuposa dzulo lake popanda kulakwira aliyense. Ambiri tinathamangira ku banki m'khonde, ena kwa akatapila, ndipo ngongole yobwereka kuti tigule ufa timaibweza ndi ngongole ina. Sindikunena kuti aliyense akakumbe ngalande. Ku Mtandire kapena ku Area 25 kulibe phiri la mtsinje. Chimene ndikuona pa Chibanzi ndi chakuti njira yachiwiri inakumbidwa pogwiritsa ntchito miyezi imene aliyense ankaiyesa yopuma, ndi madzi amene aliyense ankangowaona akudutsa. Sanayambe ndi ngongole. Anayamba ndi kuwerenga zimene zinali kale pakhomo pake koma sizinkagwira ntchito.

Ndipo miyezi yopumayo sinali yopanda eni. Chilimwe chinali nyengo ya uzimba, ya maulendo, ya mowa, ya chinamwali ndi ya miyambo yokumbukira akufa, pamene gule ankatuluka masiku angapo otsatizana. Kulima tirigu kunatanthauza kusintha kalendala ya mudzi wonse. Amishoni a Dutch Reformed anali atafika pa Mvera mu November 1889, Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, m'dziko la Chiwere, ndipo mu 1894 Abusa Robert Blake anatsegula Kongwe, pafupi ndi Chibanzi. Msyamboza anawalandira, analola sukulu pamudzi pake, iye mwini anadzabatizidwa ali wokalamba, ndipo analetsa nyau m'mudzi mwake. Kwa amishoni chimenechi chinali chipambano cha chikhulupiriro. Ine ndimaganiza kuti m'mutu mwa mfumuyo munalinso nkhani ya manja ndi masiku: anyamata amene ali kudambwe sali kungalande, ndiponso sali m'kalasi. Kaya analondola kapena anapyola muyeso, Achewa eni ake akukambiranabe. Mpingo wathu nawonso unakangana ndi nyau kwa zaka zambiri m'chigawo chapakati, ndipo panatenga nthawi kuti pabadwe malo ngati Kungoni ku Mua, amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, kumene miyambo imeneyi imaphunziridwa mwaulemu. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu m'gulu la chuma cha anthu a dziko lonse. Msyamboza akanadabwa nazo.

Ndalama inalowa m'mapiri amenewa mochedwa komanso mokakamiza. Poyamba amishoni ankalipira antchito ndi nsalu, mchere ndi mikanda, ndipo ku Mvera anafika popanga tindalama tawotawo tachitsulo togulira m'sitolo ya mishoni. Chimene chinachititsa kuti aliyense afune sheleni ya boma chinali msonkho wa nyumba. Kuyambira mu 1902 munthu amene wagwira ntchito kwa mzungu mwezi umodzi ankalipira masheleni 3, pamene wokhala pamudzi ankalipira masheleni 6. Cholinga chake sichinali chobisika: kutulutsa amuna m'midzi kuti akalime m'minda ya azungu. Olephera kulipira ankawotcheredwa nyumba, ndipo nthawi zina akazi awo ankagwidwa mpaka mwamuna atapezeka. Anyamata ambiri a m'chigawo chapakati anaona kuti ngati n'kugwira ntchito kwa mzungu, bola kumene amalipira bwino, ndipo anayenda wapansi kupita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Ena anabwerera ndi njinga ndi jekete, ena anakhala matchona. Pamene nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inafika, amuna enanso ochuluka anatengedwa kukasenza katundu wa asilikali, ndipo itangotha kunagwa mliri wa fuluwenza. M'nthawi yotere, mudzi wokhala ndi mbewu yogulitsa unali ndi mwayi umene midzi ina inalibe: mwamuna ankatha kupeza ya msonkho osasiya mkazi ndi ana kwa zaka. Phindu limenelo silimaoneka m'buku la maakaunti, koma funsani aliyense amene anakula bambo ake ali ku Wenela, kapena amene lero akulera ana a mchemwali wake amene ali ku Cape Town.

Pamene Msyamboza ankayandikira zaka 90, mbewu ina inali kubwera kuchokera kumwera. Mu 1920 azungu awiri, A.F. Barron ndi R.W. Wallace, anayamba ulimi wa fodya pa Mbabzi pafupi ndi Lilongwe, ndipo anayamba kugawira alimi a m'midzi mbewu ya fodya wa chikopa, wouma ndi utsi, n'kumawagula masamba ake. M'zaka zochepa alimi zikwizikwi a ku Lilongwe ndi ku Dowa analowamo. Fodya sankafuna ngalande, ankalimidwa ndi mvula, ndipo ndalama yake inkabwera yambiri nthawi imodzi. Mu 1926, chaka chomwe Msyamboza anamwalira, boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board kuti liziyang'anira alimi amenewa: ndani alime, alime wochuluka bwanji, agulitse kuti. Bungwe limeneli, litasintha maina kangapo, ndilo linadzabala ADMARC mu 1971. Mitengo ya fodya inagwa kwambiri m'zaka za m'ma 1930, ndipo alimi anaphunzira koyamba zimene zidzukulu zawo zimaphunzirabe chaka chilichonse ku okushoni ya ku Kanengo, kuti mtengo wa thukuta lawo umagamulidwa ndi anthu amene sanaonepo munda wawo. Fodya ankafunanso nkhuni zambiri, ndipo mapiri akameteka mitengo, timitsinje tija timaphwa msanga.

Tirigu sanatheretu. Mpaka lero alipo alimi amene amamulima m'madera ozizira monga Ntchisi, Dedza, Tsangano ndi Neno, koma ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene dziko lino limadya. Pafupifupi ufa wonse wa buledi, masikono ndi mandasi amene amayi ambiri a m'miphakati yathu amapezera fizi ya ana umachokera ku tirigu wogulidwa kunja ndi madola, n'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022 mtengo wa buledi unakwera mpaka pa okala ya pakona. Ngakhale mkate umene timapereka pa guwa ndi wa tirigu.

A Ntara anabadwa mu 1905, ndiye kuti pamene Msyamboza ankamwalira iwo anali mnyamata wa zaka pafupifupi 21. Anadzalemba mbiriyi anthu amene anamuona mfumuyo ndi maso akadali moyo, ndipo bukulo analitcha Msyamboza. Mu 1949 linatuluka m'Chingerezi ku London ndi mutu wakuti Headman's Enterprise, lomasuliridwa ndi Cullen Young, mmishoni wakale wa ku Livingstonia amene anamasuliranso Nthondo. Nthawi imeneyo mabuku a mbiri ya dziko lino ankadzaza ndi maina a abwanamkubwa, amishoni ndi eni makampani, ndipo nkhani ya mfumu ya mudzi umodzi, yolembedwa ndi Mmalawi m'chinenero chake, inali chinthu chachilendo. A Ntara anamwalira mu 1976. Dzina la Chibanzi lilipobe ngati mpingo wa CCAP mu Sinodi ya Nkhoma, ndipo pa Kongwe pali sukulu ya sekondale ya Robert Blake, kumene abambo ena a m'parishi muno anaphunzira.